Kukaona ntchito zamanja za ku Kyoto: mmene mungayendere tsikulo

Mzinda wa Kyoto unali likulu la dziko la Japan kuyambira chaka cha 794 mpaka pamene mfumu yaikulu inasamukira ku Tokyo mu 1869. Pa zaka zoposa 1,000 zimenezo, a kunyumba yachifumu, akachisi, aphunzitsi a mwambo wa tiyi ndi mabanja olemera a zamalonda ankafuna zinthu zopangidwa mwaluso: nsalu za silika, mbale, zokupizira mphepo, mabokosi opaka golide, zofukiza, makandulo. Amisiri anakhazikika pafupi ndi ogula awo, ndipo mabanja ena akadali pa ntchito yomweyo mpaka lero. Akuluakulu a mzindawu amawerengera mitundu 74 ya ntchito zamakolo zoterezi, kuphatikizapo mowa wa sake, maswiti ndi kukonza minda ya maluwa. Malo amene mungaone mitundu yonseyi pamodzi ndi Kyoto Museum of Crafts and Design, imene ena amaitchulabe ndi dzina lake lakale loti Fureaikan. Ili m'chipinda chapansi cha nyumba ya ziwonetsero ya Miyako Messe, m'dera la Okazaki, ndipo anaikonzanso n'kuitsegula mwatsopano mu 2020.

Malangizowa ndi a inu amene muli ku Japan pa sukulu, pa maphunziro a ntchito kapena pa ulendo wamba, ndipo mwapeza tsiku limodzi loti muyende. Myuziyamuyi si yaikulu. Munthu wothamanga atha kuizungulira m'mphindi 30, n'kutuluka ndi zithunzi zambiri m'foni koma osadziwa chimene waona. Chimene ndikufuna kukuthandizani ndi kuona manja amene ali kumbuyo kwa chinthu chilichonse, chifukwa ku Kyoto kawirikawiri chinthu chimodzi sichipangidwa ndi munthu mmodzi.

Choyamba: sankhani tsiku

Musananyamuke, tsegulani tsamba la pa intaneti la myuziyamuyi ndipo muone zinthu zitatu: ngati ili yotsegula tsikulo, mtengo wolowera, ndi ndandanda ya amisiri odzagwira ntchito pamaso pa alendo. Chachitatuchi ndiye chofunika kuposa zonse. Ngati mungathe kusuntha ulendo wanu kuti ugwirizane ndi tsiku limene mmisiri alipo, sunthani.

Mamyuziyamu ambiri ku Japan amatseka Lolemba, ndipo pafupifupi onse amatseka masiku omaliza a Disembala ndi oyambirira a Januwale. Ngati mukufuna kuonanso nyumba zina za m'dera la Okazaki, pewani Lolemba. Kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, mitengo ya sakura ikachita maluwa, komanso mu Novembala masamba akafiira, mzinda umadzaza alendo moti ngakhale malo ogona amakwera mtengo. Sabata ya tchuthi ya kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi nayo ndi chimodzimodzi. Mu Juni kumagwa mvula yosalekeza, ndipo Julayi ndi Ogasiti kumatentha kwa chinyezi chotopetsa, popeza Kyoto wazingidwa ndi mapiri mbali zitatu. Masiku otere ndi abwino kukhala m'nyumba yozizira yapansi pa nthaka. Pa 22 Okutobala pamakhala chikondwerero cha Jidai Matsuri, chimene mdipiti wake umathera pa kachisi wa Heian Jingu, pafupi penipeni ndi myuziyamuyi. Misewu imadzaza, koma mumaona anthu atavala zovala za nyengo zosiyanasiyana za mbiri ya Japan, zosokedwa ndi luso lomwe mukupita kukaliona.

Chachiwiri: kufika kumeneko

Kuchokera ku bwalo la ndege la Kansai, sitima ya Haruka imafika pa Kyoto Station pa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20. Kuchokera ku Tokyo, sitima ya Shinkansen yothamanga kwambiri imatenga maola awiri ndi mphindi ngati 15.

Mukafika pa Kyoto Station, ndikulangizani sitima yapansi pa nthaka osati basi. Kwerani ya mzere wa Karasuma yolowera kumpoto, tsikani pa Karasuma Oike, sinthani kukwera ya mzere wa Tozai yolowera kum'mawa, ndipo mutsike pa Higashiyama. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wapansi wa mphindi pafupifupi 10 kulowera kumpoto. Simungasochere: chipata chachikulu chofiira cha Heian Jingu, chotalika mamita oposa 24, chimaonekera patali. Mukawoloka ngalande ya madzi ochokera ku nyanja ya Biwa, mwafika ku Okazaki, ndipo Miyako Messe ili chakumadzulo kwa msewu wa chipatacho. Basi nambala 5 imafikanso m'derali, koma nthawi ya alendo ambiri imadzaza ndi kuchedwa. Mukakwera basi ya mumzindamu, mumalowera khomo lakumbuyo n'kulipira kwa dalaivala potsika. Khadi lolipirira maulendo la ICOCA kapena Suica, limene mumaikamo ndalama pasadakhale, limagwira ntchito m'basi ndi m'sitima momwe, ndipo limakupulumutsani ku vuto lofunafuna ndalama zachitsulo.

Miyako Messe ndi nyumba ya misonkhano ndi ziwonetsero zamalonda, choncho musadabwe mukapeza khamu la anthu obwerera zina. Tsikirani pansi, myuziyamu ili kumeneko.

Chachitatu: khalidwe la m'katimo

Chikwama chachikulu chisiyeni m'kabati yotsekera alendo. M'mamyuziyamu ambiri a ku Japan makabatiwa amafuna kobiri la mayeni 100 (yeni ndi ndalama ya ku Japan) limene limabwerera mukatsegula, ndiye khalani nalo limodzi m'thumba. Ambulera yonyowa salowa nayo. Kudya ndi kumwa m'chipinda cha ziwonetsero n'koletsedwa. Ngati mukufuna kulemba, tengani pensulo, chifukwa malo ambiri otere salola cholembera cha inki pafupi ndi nsalu ndi mapepala. Foni ikhale chete ndipo mawu akhale otsika.

Zojambula zithunzi muziyang'ana chikwangwani pa malo alionse. Pali zimene amalola ndi zimene salola, makamaka ziwonetsero zapadera zobwereka kwa eni ake. Kugwira nakonso: nyumbayi ili ndi zipangizo zina zimene anaziika dala kuti alendo azikhudze, koma zimenezo zimakhala ndi chizindikiro. Popanda chizindikiro, manja kumbuyo. Mafuta a m'zala amasiya banga pa silika ndi pa chitsulo.

Mawu ochepa awa akuthandizani. "Sumimasen" ndi oyambira pofuna kulankhula ndi munthu. "Shashin, ii desu ka?" mukufunsa ngati mungajambule. "Sawatte mo ii desu ka?" mukufunsa ngati mungagwire. "Arigato gozaimasu" ndi zikomo waulemu, ndipo muweramitse mutu pang'ono ponena.

Chachinayi: zungulirani kamodzi, kenako sankhani

Mitundu 74 simungaimvetse yonse tsiku limodzi. Yendani kaye chipinda chonse mosaima nthawi yaitali, kuti mudziwe chimene chilipo. Kenako sankhani zinthu zitatu kapena zinayi zimene zakukokani mtima, mubwerere kwa izo. Pa chilichonse dzifunseni: chapangidwa ndi chiyani, chinadutsa m'manja angati, ndipo ndi pati pamene mmisiri akanalakwitsa ntchito yonse n'kuwonongeka? Nazi zimene ine ndingakuimitseni.

Nsalu za Nishijin. Izi ndi nsalu za silika zoomba, makamaka za obi, lamba wamkulu womangira kimono, chovala chamakolo cha ku Japan. Amayamba kunyika ulusi mu utoto, ndipo maluwa ndi mbalame zimene mukuziona pansaluyo n'zoomba, si zojambula. Dera la Nishijin lili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pamene gulu lina lankhondo linamanga misasa pa nkhondo ya Onin ya 1467 mpaka 1477; nkhondo itatha, oomba nsalu amene anathawa anabwerera n'kukhazikika pomwepo. Mfumu itasamukira ku Tokyo, malonda awo anagwa, ndipo mu 1872 akuluakulu a Kyoto anatumiza amisiri ku Lyon, ku France, kukaphunzira makina oombera nsalu a Jacquard. Anabwera nawo makinawo, ndipo Nishijin inadzukanso. Yandikirani kwambiri nsaluyo ndipo mufunefune ulusi wa golide. Nthawi zambiri ndi golide wopyapyala womatidwa pa pepala lamakolo la ku Japan lotchedwa washi, lodulidwa timizere tating'ono kwambiri n'kuombedwa kamodzikamodzi. Palinso mtundu wotchedwa tsuzure, umene woomba amasema zikhadabo zake kukhala ngati mano a sowo kuti azikokera ulusi pamalo pake. Ntchito imeneyi imayenda masentimita ochepa patsiku.

Nsalu za yuzen. Apa ndi zosiyana: nsalu imayamba yoyera, chithunzi chimabwera pambuyo. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Miyazaki Yuzensai, wojambula zokupizira mphepo amene anatchuka ku Kyoto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Wina amajambula chithunzi pansalu ndi madzi a duwa la aobana, amene amachoka akachapidwa. Wina amatsata mizere ija ndi phala lomata, kale la mpunga, lofinyidwa kuchokera m'kachubu kosongoka. Phalalo limakhala ngati mpanda woletsa utoto kudutsa. Wina amapaka mitundu m'kati mwa mipandayo ndi burashi, wina amafukiza nsalu pa nthunzi kuti utoto ugwire, wina amaichapa. Phala likachoka pamatsala kamzere koyera kozungulira duwa lililonse, ndipo kamzere kameneko ndi kamene muyenera kukafunafuna. Kale nsaluzi ankazichapa mumtsinje wa Kamo, mpaka analetsa chifukwa cha kuipitsa madzi. Nsalu ya kimono imodzi imakhala yotalika mamita 12 kapena kuposerapo, ndipo chithunzi chimayenera kukumana bwinobwino pa msoko uliwonse chovalacho chikasokedwa.

Pafupi pomwepo mupeza kanoko shibori, nsalu ya timadontho tambirimbiri. Kadontho kalikonse ndi malo amene munthu anatsina silika ndi zala n'kumanga ndi ulusi nsaluyo isananyikidwe. Kimono yodzaza madontho thupi lonse imakhala ndi mfundo zoposa 100,000, ndipo ikhoza kutenga chaka kapena kuposa. Sasita kuti isalale. Kutukuka kwakeko ndiye umboni wa manja.

Ziwiya za urushi. Apa ndi pamene ine ndimakhalitsa. Urushi ndi utomoni wa mtengo. Mtengo umalimidwa zaka 10 mpaka 15, ndipo ukatemedwa umapereka magalamu pafupifupi 200 okha. Wambiri umene amisiri a ku Japan amagwiritsa ntchito masiku ano umachokera ku China, ndipo wa m'dziko momwemo umachokera makamaka ku Joboji, m'chigawo cha Iwate. Chodabwitsa chake n'chakuti suuma ndi dzuwa kapena mphepo. Umalimba m'kabati yofunda ndi ya chinyezi. Mbale imayamba ngati mtengo wosemedwa mopyapyala, imalimbitsidwa ndi nsalu ndi dothi losakaniza utomoni, kenako imapakidwa, kuumitsidwa, kukwechedwa ndi makala, kupakidwanso, kambirimbiri. Kafumbi kamodzi kakagwera pa kupaka komaliza, ntchito imabwerera m'mbuyo. Zojambula za golide, zotchedwa maki-e, amazipanga powaza ufa wa golide pa utomoni usanalimbe. Imani pambali, musunthe mutu pang'ono kuti kuwala kugwere mopendekera, ndipo muona kuti kuda kwake kuli ndi kuya. Chithunzi cha foni sichingagwire zimenezo. Utomoni wauwisi umatupitsa khungu ndi kuyabwa koopsa, choncho mukapeza mmisiri wa urushi akugwira ntchito musakhudze zida zake. Wouma kale ulibe vuto kwa anthu ambiri.

Zoumba za Kiyomizu, zokupizira mphepo ndi zachitsulo mutha kuzidutsa mofulumirirapo, koma osati osaona. Zoumba za ku Kyoto zinatchuka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ndi amisiri monga Nonomura Ninsei ndi Ogata Kenzan, ndipo zilibe maonekedwe amodzi, popeza ankaumba motsata zofuna za ogula. Chokupizira chopinda chimadutsa kwa wosema nsungwi, wokonza pepala, wojambula, wopinda ndi wolumikiza. Zogan ndi chitsulo chakuda chokhala ndi maluwa a golide ndi siliva: mmisiri amatema timizere tosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo, n'kukhomerera golide m'menemo. Mabokosi amatabwa a sashimono alibe msomali. Pa madengu a nsungwi, aliyense amene anakhalapo pansi n'kuonerera agogo akuluka lichero adziwa msanga pamene pali luso: m'mphepete, pomaliza.

Chachisanu: khalani ndi mmisiri

Ngati mmisiri alipo, pitani pamenepo ndipo mukhalepo mphindi 15 kapena kuposa. Perekani moni, imani pamalo osatchinga kuwala kwake, ndipo muyambe mwangoonerera. Yang'anani mmene wakhalira, mmene wayalira zida, dzanja limene likugwira ndi limene likutsogolera. Zida zambiri amazipanga kapena kuzikonza yekha kuti zigwirizane ndi dzanja lake. Dikirani aike chida pansi musanafunse. Ambiri salankhula Chingerezi chambiri, koma foni yomasulira mawu imathandiza, ndipo mafunso afupi ndi amene amayankhidwa bwino: mwagwira ntchitoyi zaka zingati, anakuphunzitsani ndani, chovuta kwambiri ndi chiti, ikachoka kwa inu ntchitoyi imapita kwa yani?

Funso lomalizali ndi limene limatsegula nkhani yeniyeni. Luso la ku Kyoto linakula chifukwa chogawana ntchito: munthu amatha moyo wake wonse akungonyika ulusi, kapena akungofukiza nsalu, mpaka palibe womposa. Nsalu ya Nishijin imadutsa magawo oposa 20 otere. Koma anthu ovala kimono tsiku ndi tsiku anachepa kwambiri, amisiri ambiri ndi okalamba, ndipo wopanga chida chimodzi akasiya ntchito popanda wolowa m'malo, onse odalira chidacho amavutika. Boma la Japan linakhazikitsa lamulo lotukula ntchito zamanja zamakolo mu 1974, ndipo mitundu 17 ya ku Kyoto ili pa mndandanda wa dziko pansi pa lamulolo. Kuti munthu apatsidwe udindo wa dento kogeishi, mmisiri wovomerezeka wa ntchito zamakolo, amayenera kukhala atagwira ntchitoyo zaka 12 kapena kuposa n'kukhoza mayeso. Mukaona m'nyumbayi zikwama zamakono za nsalu ya Nishijin kapena ndolo za zogan, musazinyoze kuti si zamakolo. Ndi njira imene mabanjawa akupezera ogula atsopano, ndipo ndikuona kuti n'chinthu choyenera ulemu.

Musapatse mmisiri ndalama yothokoza. Ku Japan sachita zimenezo ndipo zimam'chititsa manyazi munthu. Mukafuna kuthokoza, gulani kanthu ka ntchito yake ngati kalipo. Pakakhala mwayi woyesa nokha, monga kupaka utoto pa kansalu, lembetsani. Ola limodzi mukulimbana ndi burashi lidzakusinthani maso pa zonse zimene mwaona.

Chachisanu ndi chimodzi: kugula

Myuziyamuyi ili ndi sitolo yake. Mtengo wolembedwa ndi womwewo, palibe kunenerera. Ndalama kapena khadi muziika m'kambale kamene kali pa kauntala. Yendani ndi pasipoti, chifukwa masitolo ena amachotsera alendo msonkho akagula zokwana mtengo winawake, funsani musanalipire.

Ndi ndalama zochepa mutha kupeza timitengo todyera topaka urushi, kansalu ka m'manja, zofukiza, chingwe choluka cha kumihimo kapena kakapu kamodzi. Kuli bwino kugula chimodzi chenicheni kusiyana ndi zisanu zotsanzira za m'misewu ya alendo, zimene zambiri ndi pulasitiki yopaka penti. Funsani chimene chapangidwira. Chiwiya cha urushi musachiike mu microwave, musachisiye padzuwa kapena m'madzi nthawi yaitali. Chitsukeni ndi nsalu yofewa n'kuchipukuta pompo. Ngati kwanu ndi kouma kwambiri, muzichigwiritsa ntchito kawirikawiri, chifukwa mtengo wam'kati umang'aluka ukauma mopitirira. Zoumba zikulungeni m'zovala ndipo zikhale m'chikwama cha m'manja pa ndege.

Pali chimodzi chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse. M'masitolo ena a zinthu zakale mumzindamu mutha kupeza zosema ndi zidindo za minyanga ya njovu, kapena zipeso za chigoba cha kamba wa m'nyanja. Musagule. Kutuluka nazo m'dzikomo n'kuphwanya malamulo a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, ndipo ife ochokera kumene njovu zakhala zikuphedwa chifukwa cha minyanga tikudziwa mtengo wake weniweni.

Masana: tsatirani luso limodzi kwawo

Mukatuluka, Okazaki ili ndi zambiri pafupi. Heian Jingu inamangidwa mu 1895 pokumbukira zaka 1,100 za mzindawu. Kyoto City KYOCERA Museum of Art, imene nyumba yake ndi ya 1933, ndi National Museum of Modern Art zayang'anizana pafupi ndi chipata chofiira chija, ndipo yachiwiriyi imasunga zoumba ndi nsalu zambiri za m'zaka za m'ma 1900. Koma musalowe zonse. Maso amatopa, ndipo myuziyamu yachitatu patsiku simuikumbuka.

Idyani, pumulani m'mbali mwa ngalande, kenako tsatirani luso limodzi limene lakugwirani mtima. Ngati ndi nsalu, pitani ku Nishijin Textile Center pa msewu wa Horikawa, ndipo muyendenso m'tinjira ta m'deralo, momwe nthawi zina mumamva phokoso la makina oombera likuchokera m'nyumba zamatabwa. Ngati ndi zoumba, lowerani ku Gojo-zaka, kumunsi kwa kachisi wa Kiyomizu-dera, ndipo mufunefune nyumba ya Kawai Kanjiro, woumba amene anamwalira mu 1966 ndipo anali mmodzi mwa oyambitsa gulu la mingei, lolemekeza ziwiya za anthu wamba. Nyumba yakeyo ndi myuziyamu tsopano, ndipo kuseri kwake kuli ng'anjo yaikulu ya zipinda zokwera chitunda imene ankaotcheramo mbale ndi nkhuni. Kumeneko mumavula nsapato pakhomo, choncho valani sokosi zabwino ndi nsapato zosavuta kuvula. Malo ang'onoang'ono otere amasiya kulowetsa alendo dzuwa likadali m'mwamba, ndiye nyamukani ku Okazaki isanakwane 2 koloko.